Ndowa ya Apongozi Yalowa mu Komiti

Loweruka la Nasopo linkayenera kuyenda chonchi: kudzuka, kukoleza mbaula, kusesa pakhomo, kusambitsa mwana, kumusambitsanso chifukwa mwanayo amadikira avale zoyera kaye ndiye achite zake, kutsuka mbale za dzulo, kupereka tiyi kwa apongozi, kumva kuti tiyiyo wazizira, kenako kunyamula zidebe ulendo wa kumpopi. Akabwera ndi madzi, kuchapa. Mayunifolomu a anamwino a kunyumba ya geti, mabulangete a aphunzitsi, malaya a mwamuna wake amene ndi kondakitala ndipo amabwera akununkha aliyense amene wakwera minibasi tsikulo. Kuyanika dzuwa lisanapendeke, kuanula, kusita, kukapereka. Za ndale munalibemo.

Dzina la Nasopo anamupatsa ndi anzake a pampopi, poti ankachapira anthu zovala ndipo manja ake ankanunkhira sopo ngakhale atasenda anyezi. Sukulu anaisiya pamene siketi ya yunifolomu inayamba kukana kutsekeka. Sankadandaula nazo pagulu. Ankangoti masamu amene anatsala akuwaphunzira pa chingwe choyanikira.

M'dera lawo madzi ankabwera m'mawa basi, ndipo Loweruka ndiye ankabwera ndi mphamvu. Masiku enawo mpopi unkangodontha ngati mphuno ya mwana wa chimfine. Ntchito yonse ya Nasopo inali pa madzi a m'mawawo. Chovala chochapa madzulo sichiuma, chikagona chonyowa chimagwira fungo, ndipo kasitomala amene wanunkhiza chinyezi pa kolala yake sabweranso.

Ndiye mlamu wawo wa a Tcheya a komiti ya dera anatsegula malo otsukira magalimoto kuseri kwa msika, n'kupempha komiti kuti madzi a m'mawa azilowa mu paipi yake, anthu azitunga madzulo. Nkhaniyi inali yoti ivoteredwe Loweruka m'mawa mu holo. Komiti inkakumana nthawi imeneyo chiyambire, nthawi yomwe mkazi aliyense wa m'deralo amakhala ali pamzere wa madzi.

Amene anaulula za votiyo anali Anti Maiki. Ankagwira ntchito ku bungwe lina lolimbikitsa atsikana kulowa ndale, pamodzi ndi achinyamata amene anthu amavutika kuwaika kwa amuna kapena kwa akazi. Kulikonse ankayenda ndi maiki ndi kasipika kolendewera paphewa, ndipo kumbuyo kwawo kunkabwera mwamuna wamtali wojambula amene aliyense ankangomuti Wakamera. Anti sanali munthu waulesi. Anazungulira dera lonse khomo ndi khomo mpaka nsapato zinatha mbali imodzi.

Lachinayi anachititsa maphunziro pansi pa shedi ya msika. Anaphunzitsa atsikana kuima atagwira m'chiuno, kupuma kuchokera m'mimba, ndi kuponyerana mpira, wowakha azinena loto lake. Mpira utafika kwa Nasopo, anati loto lake ndi chingwe chachitali.

"Vuto lanu atsikana ndi manyazi," anatero Anti. "Mawu anu samveka."

"Anti, ine ndikaitana mwana wanga, ana a kutsidya kwa msewu amayankha," anatero Nasopo.

"Nanga bwanji simubwera ku msonkhano?"

"Timakhala kumadzi."

"Ndiye mubwere ku msonkhano mudzasinthe nthawi ya msonkhano."

"Nanga madzi?"

"Madziwonso mudzawakambe ku msonkhano."

Anti anazimva okha zimene ananenazo, ndipo anazimitsa maiki kuti asazimvenso.

Pobwerera Nasopo anayenda ndi Lezala, mnzake wa kalekale, amene anali ndi kashopu kometera pafupi ndi mpopi. Lezala ankameta amuna, ankaluka akazi. Ena ankamuti achimwene, ena achemwali, iye ankayankha onse, bola munthu akhazikike pampando asamachewuke mashini ali pamutu. Ku msonkhano wa komiti Lezala anapitako kamodzi. Mu holomo mabenchi a abambo ali kumanja, a amayi kumanzere. Atakhala kumanja, a Mlembi anabwera kudzamunong'oneza kuti kuno n'kwa abambo. Atawoloka, mayi wina wachikulire anamuuza kuti kuno n'kwa amayi. Anawoloka, n'kuwolokanso, mpaka pemphero lotsekera linamupeza pakati.

"Ine ndale ndinaziyenda," anatero Lezala. "Kumva sindinamve kanthu, koma miyendo inalimba."

"Loweruka upitanso."

"Iwe, ndikataya makasitomala chifukwa cha maseweredwe omwe aja?"

"Sukhala. Ungokankha wilibala."

Nasopo anali ataganiza kale. Pampopi pali lamulo limene palibe analilemba koma palibenso analiphwanya n'kupeza mtendere: chidebe ndi munthu. Ukasiya chidebe pamzere, uli pamzere, ngakhale utakhala kuchipatala ukubereka. Wokonza mapaipi wina anasunthapo chidebe cha eni ndi phazi kuti adutse. Chaka chonse palibe anamupatsa moni, wogulitsa tomato ankamusankhira wofewa, ndipo mapeto ake anasamuka. Koma lamuloli lili ndi mchira. A Kiyi, bambo amene amatsegula ndi kutseka mpopi, amati chidebe chimasunga malo koma sichitunga. Madzi akabwera mwini palibe, amachidumpha. Choncho kusiya zidebe kumpopi n'kupita ku holo kunali kosatheka.

Ku holo nako kunali lamulo lake. Mabenchi akadzaza chitseko chimatsekedwa, ndipo woimirira savota. Zinamveka kale kuti mlamu wa a Tcheya abwera ndi anyamata ake onse otsuka magalimoto kudzadzaza mabenchi. Ndiye Nasopo anati, ngati anthu sangachoke kumpopi, zidebe zipite ku holo zikasunge malo. Eni akatunga adzalowa.

Loweruka m'mawa anayenda pamzere wonse kupempha chidebe chapadera kwa aliyense. Anamupatsa zong'aluka, zomata ndi pulasitiki wosungunula, za penti, za mafuta ophikira. Mkazi wa a Tcheya anali pamzere pomwepo. Anatulutsa chidebe chobiriwira chatsopano, n'kuchiika mu wilibala maso ali kwina.

"Ine sindinanene kanthu," anatero. "Ndangotula chidebe."

Zidebe zake ziwiri zabwino Nasopo anazisiya pamzere, poganiza kuti akangoyala za ku holo abwerera madzi asanafike pa iye. Pa malo ake ku holo anatenga ndowa ya apongozi. Inali ndowa yachitsulo, yolemera, imene apongozi ankati anakwatiwa nayo ndipo inaona zambiri kuposa mpongozi aliyense. Chogwirira chake chinachita dzimbiri chili chiimire, moti sichinkagona ngakhale uchimenye ndi mwala. Kupempha Nasopo anapempha, koma anapempha apongozi ali kubafa ndipo sanadikire yankho.

Anapanga maulendo angapo ndi wilibala, mwana ali kumsana. Anayala zidebe pa mabenchi onse a kumanzere, zitakwana anayambanso a kumanja, kuchokera kumbuyo. Ndowa anaiika pa benchi yomaliza pafupi ndi chitseko kuti akabwera asavutike kudutsa. Lezala anaima ndi chidebe chake chachikasu, anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, n'kuchiika pansi pakati pa kanjira.

Akuti azituluka, a Tcheya anafika ndi a Mlembi, mlamu wawo, abambo a m'dera ndi gulu la anyamata a majombo. Anaima pakhomo. Holo inali itadzaza, ndipo inali chete kuposa msonkhano uliwonse umene anauchititsapo.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi amayi, a Tcheya," anatero Nasopo. "Akubwera."

"Chotsani zinthuzi."

Mnyamata wina wa majombo anapita pa chidebe chofiira, anatambasula dzanja, n'kulibweza.

"Bwana, ichi n'cha amayi anga."

Wina anazindikira cha alandilodi ake. Wina cha mkazi amene anali kumufunsira. Mlamu wa a Tcheya anawatukwana onse kuti ndi amantha, koma manja ake anali m'thumba. A Tcheya anati awaonetsa mmene mwamuna amachitira, anayenda mpaka benchi yachiwiri, anawerama, ndipo anakumana ndi chidebe chobiriwira chimene anagula okha mwezi watha. Dzanja limene linkapita pa chidebe linakathera kukhutu, n'kukanda pamenepo kwa kanthawi.

"Zisiyeni," anatero. "Sizikusokoneza."

Mabenchi opanda zidebe anatsala ochepa, kutsogolo kumanja. Abambo achikulire anakhala kaye, anyamata ochepa anapanikizana kumapeto, otsalawo anaima panja. Anti Maiki, amene anafika ali wefuwefu ndi Wakamera, anakumbutsa a Mlembi mwaulemu kuti mabenchi akadzaza chitseko chimatsekedwa. Malamulo a komiti Anti ankawadziwa kuposa eni ake. Chitseko chinatsekedwa, anyamata a majombo ambiri ali panja, Nasopo ali mkati.

Anayang'ana chitsekocho, anaganiza za zidebe zake kumpopi, n'kuona kuti akatuluka salowanso, ndipo zidebe za eni zitsala ndi Lezala yekha. Anasuntha ndowa pang'ono kuti akhale pambali pake.

"Mayi, pamenepo pali munthu," anatero a Mlembi.

"Ndi malo anga, bambo. Ndowayi ikusungira ine."

"Ndiye inu muli kale pamalo panu. Simungakhale kawiri."

"Ndiichotse ndikhale ndine."

"Mukudziwa nokha kuti chidebe sichisunthidwa."

Nasopo anakaima kukhoma lakumbuyo. Lezala anali ataima kale pomwepo, chifukwa a Mlembi anamuuzanso kuti ali kale pakati pa kanjira.

"Waona," anatero Lezala chapansipansi. "Chidebe changa achilandira osachifunsa kanthu."

Anti anapempha kuti msonkhano usanayambe aliyense adzitchule dzina, monga bungwe lawo limaphunzitsira, kuti pasakhale wosalidwa. Abambo anadzitchula. Kenako Anti anaima pamaso pa benchi yoyamba ya kumanzere, anazengereza pang'ono, n'kulowetsa maiki mu chidebe. Sipika inalira huu. Chachiwiri chinalira mozama, poti chinali chachikulu. Cha penti chinalira ngati udzudzu.

"Zikomo," anatero Anti kwa chilichonse.

Wakamera anagwada kutsogolo ndi kupempha a benchi yachitatu kuti ayandikirane.

A Tcheya anafotokoza nkhani ya madzi. Anati chitukuko chimabwera pa galimoto, ndipo galimoto yakuda sibweretsa chitukuko choyera. Anati madzi a madzulo ndi abwino chifukwa amakhala atapuma. Mlamu wawo anaomba m'manja yekha. Kenako a Tcheya anayang'ana zidebe n'kunena kuti popeza palibe watsutsa, nkhani yatha.

"Pepani a Tcheya," anatero Anti. "Lamulo likuti kukweza manja."

"Chabwino. Ovomereza, manja m'mwamba."

Mlamu anakweza onse awiri, a Mlembi anamuuza atsitse limodzi. Anyamata a majombo amene anali mkati anakweza. Bambo wina wa takisi anakweza. Bambo winanso anakweza mpaka paphewa, anacheukira chidebe cha buluu cha kumanzere, dzanjalo n'kulisandutsa lokonzera chipewa. A Telala, nkhalamba yosoka pakhonde la sitolo, anapinda manja pachifuwa pamodzi ndi abambo ena amene ankadziwa bwino kuti madzi akasamukira madzulo, wotunga adzakhala iwowo poweruka.

A Tcheya anawerenga okweza, anawerenga osakweza, anabwerezanso. Zinafanana. Anavula magalasi, anapukuta, anavalanso, maso awo n'kuyenda holo yonse mpaka kumbuyo.

"Ndi uyo kumbuyoko."

A Mlembi anasuzumira. "Imeneyo ndi ndowa, a Tcheya."

"Yakweza kapena sinakweze?"

"Kukweza yakweza."

"Ndiye mukudikira chiyani? Muiwerenge."

Anazinena pa maiki, Wakamera akujambula. Ndowa imene Nasopo anainyamula yekha, imene inkasunga malo ake, inali itagulitsa madzi ake a m'mawa. Anailumphira, anakanikiza chogwirira ndi manja onse, anachitsamira ndi bondo. Mwana kumsana anadzuka n'kuyamba kuseka, kuganiza kuti ndi masewera. Chogwirira sichinasunthe.

"Musamuopseze wovota, mayi," anatero a Tcheya.

"Ndowa ya apongozi," anatero Nasopo kwa Lezala. "Ndimadziwa kuti sindikondedwa pakhomo paja, koma mpaka ziwiya?"

Lezala sanaseke. Anali kuyang'ana mabenchi.

"A Tcheya, funso," anatero. "Otsutsa simunawafunse."

"Woimirira sayankhula."

"Funsolo ndi langanso," anatero a Telala. "Ine ndakhala."

A Tcheya anapukusa mutu ngati munthu amene akupirira ana. "Otsutsa, manja m'mwamba."

A Telala ndi anzawo anakweza. Lezala anathamangira pa chidebe choyamba n'kuimika chogwirira chake. Atachisiya chinagwa, kho. Anaimika chachiwiri, kho. Anyamata a majombo anaseka, amene anali panja anasekera pawindo.

"Dzanja liime lokha," anatero a Tcheya. "Ngati la mayi wachitsulo uja."

Nasopo anapisa m'thumba la epuloni kufuna kansalu kopukutira thukuta, ndipo dzanja linakumana ndi mapegi. Anali atawatenga m'mawa pokonzekera kuyanika. Anatulutsa imodzi, anaimika chogwirira cha chidebe chapafupi, n'kupana pegi pakhutu pa chidebe pamene waya amalowa. Anachotsa dzanja. Chogwirira chinaima.

Anapatsa Lezala mapegi odzaza dzanja, iye anayamba kumanzere, Lezala kumanja. Benchi ndi benchi, zogwirira zinkadzuka. Za penti, za mafuta, zong'aluka, zonse. Mapegi anatha atatsala ndi chidebe chimodzi, chobiriwira chija. Nasopo anapisa kumsana, anachotsa pegi imene mwana ankatafuna, anaipukuta pa epuloni, n'kupana. Mwana analira. Chidebe cha mkazi wa a Tcheya chinakweza dzanja moyang'anizana ndi a Tcheya.

"Izi n'zokakamiza," anatero mlamu. "Zidebezi sizinafune zokha."

"Zoona, tifunse," anatero a Telala. Anatembenuka pa benchi. "Ngati pali chidebe chimene chakakamizidwa, chinene tsopano. Chisaope."

Anti anakweza maiki m'mwamba kuti ngati pali mawu amveke. Anadikira. Panja galu anauwa.

A Mlembi anayamba kuwerenga, anafika pakati, n'kusiya chifukwa zinali zoonekeratu. Anangofunsa chimodzi, kuti nanga ndowa ija aiike mbali iti, poti dzanja lake likadali m'mwamba.

"Mbali zonse," anatero a Telala. "Imeneyo ndale inaziyamba kale."

Madzi anakhalabe a m'mawa. A Mlembi ananena zimenezi motsitsa, Anti anawapatsa maiki kuti abwereze.

Nasopo sanadikire kuomba m'manja. Mutu wake unali kale kumpopi, ndipo mapegi ndi chinthu chimene ukachisiya pagulu sichibwerera. Anayamba kuwazula msangamsanga, zogwirira zikugwa kumbuyo kwake, kho, kho, kho. Sanamve n'komwe kuti Anti aimirira ndi kukumbutsa komiti za nkhani yachiwiri, imene kwa iwo inali yaikulu: mipando iwiri ya achinyamata mu komiti, wa mtsikana ndi wa mnyamata, imene inakhala yopanda anthu kuyambira pamene holo inamangidwa.

A Tcheya anali atatopa, ndipo ankayang'anayang'ana pawindo, kuopa kuti eni zidebe afika iwo akadali momwemo.

"Wofuna mpando wa mtsikana akweze dzanja."

"Nasopo," ananong'ona Anti. "Khala penapake ukweze."

Nasopo anali ndi mapegi m'manja monse, ena pakamwa, mwana akumukoka tsitsi. Anayang'ana uku ndi uku. Malo okhala panalibe, ndipo zogwirira zonse za pa mabenchi anali atazigwetsa yekha. Pa mabenchi onse panatsala dzanja limodzi, la ndowa ija pa benchi yomaliza.

"Palibe wopikisana naye," anatero a Tcheya. "Wadutsa."

"A Tcheya, ndowa imeneyo ndi yakale kuposa ukwati wanu," anatero bambo wa takisi.

"Msinkhu wa mayi safunsa. Mpando wa mnyamata."

Pakati pa kanjira, chidebe chachikasu chinali chitakweza dzanja. Pegi yake Nasopo anali asanaifike, ndipo atayandikira, Lezala anamugwira pamkono.

"Imeneyo ndikubwezera mawa."

A Mlembi anayang'ana chidebe, anayang'ana Lezala, n'kutsokomola. "Mpandowu ndi wa mnyamata."

"Ine sindinapemphe mpando," anatero Lezala. "Ndaimirira. Funsani chidebe."

"Chidebechi n'chachimuna?"

"Sindinachifunsepo. Timangogwira ntchito limodzi."

A Mlembi anadzuka ndi abambo awiri. Anazungulira chidebecho. Poti kusuntha n'koletsedwa, anagwirizana kuti kupendeketsa si kusuntha. Mmodzi anachipendeketsa, a Mlembi anagwada n'kusuzumira kunsi. Anapezako chigamba cha pulasitiki wakuda ndi tsitsi pang'ono la makasitomala.

"Mwaona chiyani?" anafunsa a Tcheya.

"Chigamba."

"Chigamba chachimuna kapena chachikazi?"

"Sichikuoneka bwino. Mwina tikachitengera pawindo."

"Ndowa ija munaisuzumira kunsi musanaipatse mpando wa mtsikana?" anafunsa a Telala.

Abambo onse anayang'ana ndowa ya apongozi a Nasopo, ndipo palibe anafuna kukhala munthu amene anaisuzumira kunsi. Kunja kunamveka mawu a amayi akubwera chapatali. A Tcheya anayamba kusonkhanitsa zinthu zawo.

"Chadutsa. Chidebe chadutsa."

"Nanga poti mamembala atsopanowa sayankhula?" anafunsa Anti msanga.

"Azibwera ndi owayankhulira. Wonyamula ndiye woyankhula. Tipemphere."

Pemphero lisanayambe, Lezala anapita pakati pa kanjira, anazula pegi, anavundikira chidebe chake n'kukhalapo. Anakhala bwinobwino, miyendo yopingasa, osati kumanja, osati kumanzere.

"Wakhalira membala," anatero mlamu wa a Tcheya.

"Akadandaula ndidzuka," anatero Lezala, n'kutsinzina kudikira pemphero.

Chitseko chitatsegulidwa amayi analowa, zovala zonyowa m'chiuno, ena nkhata zikadali pamutu. Anapeza msonkhano watha. Aliyense anapita pa chidebe chake osaphonya.

"Zatha bwanji?" anafunsa wogulitsa tomato.

"Mwavota bwino," anatero Nasopo.

"Ine ndavota?"

"Mwakweza dzanja mpaka pamapeto."

Mayiyo anayang'ana chidebe chake cha penti mwaulemu watsopano, n'kuchikolekera pamkono. Mkazi wa a Tcheya anatenga chobiriwira, anapita pamene amuna awo ankayesa kudutsa cham'mbali mwa khoma, n'kuwapatsa.

"Kumpopi kwatsala mabeseni awiri odzaza," anatero. "Poti msonkhano watha."

Anti Maiki anakhala pa sitepe ya holo atavula nsapato. Wakamera ankawaonetsa zithunzi. Zonse zinali zidebe, kupatula chimodzi cha a Mlembi atagwada.

"Kuofesi ndikanena kuti chiyani?" anatero Anti. "Akandifunsa kuti atsikana anabwera angati?"

"Mukanene kuti holo inadzaza," anatero Nasopo.

Anti anaseka mpaka anapukuta misozi, kenako anamugwira dzanja. "Wamva zimene anena a Tcheya? Wonyamula ndiye woyankhula. Ndowa ija ikamabwera ku komiti, ubwera nayo ndiwe."

"Anti, ine ndimachapa."

"Ndikudziwa. Ukayankhule za nthawi ya msonkhanoyo ndiye."

Nasopo ananyamula ndowa, anakonza mwana kumsana, n'kuthamangira kumpopi. Anapeza a Kiyi akukhoma loko. Zidebe zake ziwiri zinali pomwe anazisiya, patsogolo penipeni pa mzere, zouma.

"Zasunga malo bwino," anatero a Kiyi.

Zimene Nasopo anataya pa nkhaniyi ndi izi. Madzi a Loweruka lonse, moti banja linasamba kumaso kokha ndi otsala a dzulo. Mayunifolomu a anamwino sanachapidwe, ndipo Lolemba anamwinowo anawatumiza kwa wochapa wina wa kumtunda, sanabwererenso. Aphunzitsi anadikira, koma anadandaula. Mapegi ena anathyoka, ena anapita ndi zidebe za eni, ndipo ya Lezala sinabwere mawa lake kapena tsiku lina lililonse. Tayala la wilibala linaphulika paulendo womaliza, mwini wake anafuna latsopano. Loweruka limodzi pamwezi Nasopo amanyamula ndowa yopanda madzi kupita nayo ku holo, zidebe zake n'kumadumphidwa kumpopi, chifukwa nkhani yosintha nthawi ya msonkhano imangoimitsidwa: ndowa imavomereza ndi kutsutsa nthawi imodzi ndipo a Mlembi amati afufuze kaye. Apongozi sanamuyankhule kwa masiku angapo chifukwa chotenga ndowa. Atamva kuti ndowayo ndi membala wa komiti anayambanso kuyankhula, koma analamula kuti isadzaviikidwemonso matewera, isadzalowenso kubafa, ndipo isamakhale pansi. Anaikwecha ndi mchenga, anaifunditsa kansalu koluka, n'kuikhazika pa mpando wabwino wa pabalaza. Choncho Nasopo anagula chidebe china chochapira, ndipo alendo akabwera awiri, mmodzi amakhala pa mpasa.